Kusungunuka: mwana wolankhula Chichewa pa mayeso a chemistry ku Cape Town

Mneni wakuti "kusungunuka" amasenza ntchito zitatu m'Chichewa, ndipo palibe amene amadandaula nazo. Majarini akasiyidwa padzuwa amasungunuka. Mchere ukathiridwa m'ndiwo umasungunuka. Sobo asanaperekedwe kwa alendo amayamba wasungunulidwa ndi madzi. Mwana wa ku Kasungu, wa ku Katete kapena wa ku Angónia amamva ziganizo zitatuzi osasokonezeka, chifukwa dzuwa, mphika ndi botolo zimamuuza tanthauzo loyenera. M'phunziro la chemistry zimenezi ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo Chingerezi chinazipatsa mawu atatu: "melt", "dissolve" ndi "dilute". Pa majarini, kutentha ndiko kwasandutsa cholimba kukhala chamadzimadzi. Pa mchere, tizigawo take tamwazikana m'madzi, kaya moto ulipo kaya palibe. Pa Sobo, madzi angochulukitsidwa kuti shuga achepe m'kapu iliyonse. Wophunzira akasinthanitsa mawu atatuwa pa mayeso, wochonga amamudula malikisi, ndipo potero salakwa. Chovuta n'chakuti cholembera chofiira sichinena ngati mwanayo sanamvetse chemistry kapena wangopunthwa pa Chingerezi.

Ku Cape Town nkhaniyi imalowa m'makomo ambiri. Amalawi adzaza m'madera monga Capricorn pafupi ndi Muizenberg, Masiphumelele, Imizamo Yethu ku Hout Bay ndi Dunoon, ndipo ambiri amagwira ntchito za m'nyumba, za m'maluwa, za m'malesitilanti ndi zomangamanga. Ana amene anabwera ali pamsana tsopano afika Giredi 12, kalasi yotsiriza ya sekondale imene kumeneko amati matric. M'banja lina la ku Capricorn, lochokera ku Dedza, bambo amasamala maluwa ndi dziwe losambiramo panyumba ina ku Constantia, mayi amaphika panyumba ina. Mwana wawo wachisamba, mtsikana amene anachoka kumudzi ali ndi zaka 9, akufuna kukaphunzira za mankhwala pa University of the Western Cape ku Bellville. Pakhomo amalankhula Chichewa, m'khwalala amasakaniza isiXhosa ndi Afrikaans, m'kalasi amalemba Chingerezi. Malo a ku yunivesiteko n'ngolimbirana, ndipo chimodzi mwa zimene zidzamutsegulire kapena kumutsekera chitseko ndi malikisi ake a Physical Sciences.

Ku South Africa chemistry salembedwa payekha. Iye ndi theka la Physical Sciences pa mayeso a National Senior Certificate: pepala loyamba ndi la physics, lachiwiri ndi la chemistry. Lililonse lili ndi malikisi 150 ndipo limalembedwa kwa maola atatu. Mayeso a kumapeto kwa chakawa amatenga magawo 75 pa 100 a malikisi onse, pamene magawo 25 otsalawo amachokera ku ntchito ya m'chaka imene aphunzitsi amachonga pasukulu. Bungwe la Umalusi ndilo limaunika mapepala ndi zotsatira lisanapereke satifiketi. Pepala la chemistry limayamba ndi mafunso 10 osankha yankho, kenako mafunso a mayina ndi makhalidwe a mankhwala okhala ndi carbon, liwiro limene zinthu zimasinthira zikasakanizidwa, maasidi ndi anzawo owaziziritsa, komanso mabatire. Kumapeto kwa pepala kumakhala matebulo ndi mafomula, kuti mwana asataye mutu poloweza manambala.

Amene anakonza silabasi ya CAPS, imene inafika Giredi 12 m'chaka cha 2014, anayesetsa kuti pepalali lisangoyesa kuloweza. Mwa malikisi 100 alionse a chemistry, 15 ndi a kukumbukira, 40 a kumvetsa, 35 a kugwiritsa ntchito zimene mwana waphunzira, ndipo 10 ndi a mafunso ofuna kuti aweruze yekha pa zimene sanazionepo. Ochonga alinso ndi lamulo lachifundo: mwana akalakwitsa nambala pa sitepe yoyamba koma n'kuyenda nayo bwino m'masitepe otsatira, samulanga kawiri. Ndi pepala lolembedwa mosamala ndi anthu odziwa ntchito yawo. Ngakhale zili choncho, zonse zimene limaona mwa mwana limazimanga m'mtolo umodzi n'kuzilemba ndi nambala imodzi, ndipo kholo limalandira nambalayo osadziwa zimene zili m'kati.

Mtsikana uja anabwera ndi pepala lake la mayeso oyeserera a mu Seputembala, limene aphunzitsi amabwezera ana kuti aone pamene anagwa. Bambo ake sawerenga Chingerezi chambiri, koma mitanda yofiira amaidziwa. Analoza funso lina lalifupi n'kufunsa kuti, "Nanga apa, mwana wanga, palakwika chiyani? Bwanji walemba mzere wonse koma akupatsa ziro?" Iye anayankha kuti, "Ababa, amafuna tanthauzo la nthawi imene chinthu chimawira. Ine ndinalemba kuti ndi kutentha kumene madzi amayamba kubwata. Iwo amafuna kuti nditchule mphamvu ya nthunzi ndi kulemera kwa mpweya." Bambowo anapukusa mutu, chifukwa kwa iwo yankho la mwana wawo linali loona, ndipo aliyense wotereka mphika akhoza kulichitira umboni.

Pa funso limeneli wochonga ndiye anali ndi mfundo. Tanthauzo limene silabasi imafuna limati madzi amawira pamene mphamvu ya nthunzi yake yalingana ndi mphamvu ya mpweya umene ukuwapsinja pamwamba. Mawu amenewa sanaikidwemo pofuna kuvutitsa ana. Cape Town ili m'mbali mwa nyanja, kumene mpweya umapsinja kwambiri, ndipo madzi amawira pa madigiri 100. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepukirapo, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa kumapiri: madzi akubwata ndithu, koma sakutentha mofanana ndi a kunyanja. Mayi a mtsikanayo anali atazindikira kale kuti nyemba za ku Capricorn sizidya moto wambiri monga za kwawo, koma ankati n'chifukwa cha mbewu yake. Mwana amene walemba kuti kuwira ndi kubwata wanena zimene maso amaona, koma chifukwa chake sanachifike. Apa mayeso anayesa bwino, ndipo malikisi awiri anatayika moyenera.

Funso lachiwiri linali la mtundu wina. Linkafuna kuti afotokoze chifukwa chake ethanol, amene ndi mowa weniweni wa m'kachasu, amawira pa madigiri 78, pamene propane, amene ali m'gasi wophikira, amawira pa madigiri 42 kunsi kwa ziro, chikhalirecho mamolekyu a ziwirizi ndi olemera pafupifupi mofanana. Mayi ake atamufunsa kuti funsolo likutanthauzanji, mtsikanayo anafotokoza m'Chichewa osajejema. Anati mamolekyu a mowa amakokana mwamphamvu kuposa a gasi, choncho pamafunika moto wambiri kuti alekane, koma molekyu iliyonse imachoka mumphika ili yathunthu, yosathyoka. Ameneyu ndi chemistry wolondola. Papepala, komabe, iye analemba kuti pamafunika mphamvu yambiri yothyola "bonds", ndipo kwa wochonga liwu limenelo likaima lokha limatanthauza zomangira maatomu m'kati mwa molekyu, zimene sizithyoka chinthu chikamawira. Ankafunika kulemba "intermolecular forces". Chingerezi chenichenicho chimatchera msampha pano, chifukwa kukokana kwa mamolekyu a mowa chimakutcha "hydrogen bonds". Mwanayo anataya malikisi pa chinthu chimene ankachidziwa.

Funso lachitatu ndilo linasangalatsa bambo ake, chifukwa linali lodzaza ndi machongo. Linali la kuwerengetsera nambala yotchedwa Kc, imene imasonyeza pamene zinthu zosakanizidwa m'chotengera chotseka zakhazikika, kusintha kopita kutsogolo kutalingana liwiro ndi kobwerera m'mbuyo. Funso lotere limabwera chaka ndi chaka, lili ndi malikisi ochuluka, ndipo ana amaliyeserera pa mapepala akale mpaka dzanja lizolowere: jambula tebulo, lemba zoyambira, chotsa apa, onjeza apo, gawa ndi kukula kwa chotengera. Mtsikanayo anapeza malikisi onse. Mayi ake atamufunsa kuti nambala imene wapezayo ikakhala yaikulu ndiye kuti m'chotengeramo mwachitika chiyani, iye anayang'ana padenga. Anali atakolola pamunda pamene sanalime.

M'pepala limodzi, tsono, munali zinthu zitatu: malikisi otayika chifukwa chosamvetsa, malikisi otayika chifukwa cha chilankhulo, ndi malikisi opezeka chifukwa cha chizolowezi. Zonsezi zinasungunuka m'nambala imodzi imene inalembedwa pakona ya pepala. Kwa a yunivesite nambalayo ndi yokwanira, popeza iwo akufuna chosankhira anthu zikwi zambiri pa malo ochepa. Kwa mwana ndi makolo ake ndi yosakwanira, chifukwa matenda atatuwa ali ndi mankhwala osiyana. Woyamba amafuna kuphunzitsidwanso, wachiwiri amafuna kunola mawu, wachitatu amafuna munthu wofunsa kuti "chifukwa chiyani?" ngakhale yankho lachongedwa kale.

Pali chinthu chachinayi chimene pepalali silichiona n'komwe, ndicho manja. Ku South Africa kulibe mayeso a m'labotale a kumapeto kwa chaka pa phunziroli. Zoyesera za manja, monga kupanga mankhwala onunkhira otchedwa ester posakaniza mowa ndi asidi, zimawerengedwa m'magawo 25 a pasukulu aja, ndipo popeza sukulu zambiri za boma m'dzikolo zilibe labotale, ana ambiri amangoonera aphunzitsi akuchita kutsogolo kapena amaona pa vidiyo. Apa mayeso a MSCE a ku Malawi, amene amakonzedwa ndi MANEB ku Zomba, ali ndi chimene amaposera: chemistry ali ndi pepala lake la manja, lofuna kuti wophunzira agwire zipangizo, ayeze, ndi kulemba zimene waona, ngakhale kuti nakonso zipangizo n'zosowa m'sukulu zambiri.

Chodabwitsa n'chakuti m'banja la ku Capricorn lija, amene amagwira chemistry ndi manja sabata iliyonse ndi bambo. Akafuna kudziwa ngati madzi a m'dziwe la abwana awo ali bwino, amatunga pang'ono m'kabotolo, amadonthezamo mankhwala ofiira, ndipo amayerekeza mtundu wake ndi tchati. Amadziwa kuti pH iyenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.6. Ikakwera, amadontheza mankhwala ena mowerenga madontho mpaka mtundu usinthe, ndipo chiwerengero cha madonthowo chimawauza kuchuluka kwa asidi woti athire m'dziwe. Amadziwanso kuti asidi ndiye amathiridwa m'madzi, madzi sathiridwa mu asidi. Ntchito imeneyi ndi imene mwana wawo amaiwerengetsera papepala pansi pa dzina lakuti titration, iye asanagwirepo yekha chipangizo chake. Bambo atapatsidwa pepala la mayeso sangapeze ngakhale malikisi 10. Mwana atapatsidwa dziwe lobiriwira sangadziwe poyambira. Aliyense ali ndi theka la phunzirolo, ndipo mayeso amazindikira theka limodzi lokha.

Asidi wa m'dziwe yemweyo amaonetsa kuti Chichewa sichiperewera paliponse. Ana ambiri, ngakhale amene Chingerezi anayamwira, amasokoneza "strong" ndi "concentrated". Asidi amatchedwa "strong" ngati mamolekyu ake onse amagawikana akalowa m'madzi, monga hydrochloric acid wa m'dziwe uja. Amatchedwa "concentrated" ngati wachuluka poyerekeza ndi madzi amene alimo. Asidi wa mu viniga ndi wofooka ngakhale atachuluka motani, pamene wa m'dziwe amakhalabe wamphamvu ngakhale atathiridwa mumgolo wa madzi. Mayi aliyense wophika ali nawo kale mawu a kusiyana kumeneku. Tsabola wa kambuzi ndi wamphamvu mwa chibadwa chake. Kukolera kapena kusakolera kwake m'ndiwo kumadalira dzanja la wothira. Choncho pali "wamphamvu" ndi "wofooka" mbali imodzi, "wokolera" ndi "wosukuluka" mbali inayo. Mtsikana uja atamva fanizo la kambuzi kwa mayi ake, funso limenelo silinamugwetsenso.

Boma la South Africa limadziwa kuti chilankhulo chimadya malikisi. Mapepala a Physical Sciences amalembedwa m'Chingerezi ndi m'Afrikaans basi, chikhalirecho ana ambiri a m'dzikolo amalankhula zilankhulo zina pakhomo. Kuyambira m'chaka cha 1999, ophunzira amene ankalemba chilankhulo monga isiXhosa kapena isiZulu ngati chilankhulo chawo choyamba anayamba kuonjezeredwa magawo 5 pa 100 alionse a malikisi amene apeza m'maphunziro osakhala a zilankhulo, ndipo chiwerengerochi chinachepetsedwa m'zaka zotsatira. Chipepeso chimenechi chinakonzedwa motsatira chilankhulo chimene mwana walembetsa pa mayeso. Chichewa sichili pa mndandanda wa maphunziro a matric, choncho mwana wa Mmalawi kawirikawiri amalembetsa Chingerezi ngati chilankhulo cha kunyumba, ndipo m'kaundula amaoneka ngati anabadwa nacho. Neville Alexander, amene anayambitsa bungwe la PRAESA pa University of Cape Town m'chaka cha 1992, anathera moyo wake akulimbikitsa kuti ana aziphunzira m'chilankhulo chawo pamodzi ndi Chingerezi, ndipo ku Cofimvaba m'chigawo cha Eastern Cape sukulu zakhala zikuphunzitsa masamu ndi sayansi mu isiXhosa. Khomo limenelo likutseguka pang'onopang'ono kwa eni dziko. Wolankhula Chichewa alibe poliyembekezera, pakuti ngakhale kwawo amalemba chemistry m'chilankhulo cha eni: ku Lilongwe ndi ku Chipata m'Chingerezi, ku Tete ndi ku Lichinga m'Chipwitikizi.

Panali mutu umodzi umene ukanakumanitsa bambo ndi mwana mosavuta. Mpaka chaka cha 2020 pepala la chemistry linkatha ndi funso la feteleza: momwe nitrogen wa mumpweya amasandutsidwira ammonia, ndi tanthauzo la manambala olembedwa pathumba. Bambowo amadziwa feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S ndi wobereketsa wa urea amene ankathira m'chimanga ku Dedza, amadziwanso thumba la 2:3:2 (22) limene amathira m'kapinga ku Constantia, ndipo amadziwa kuti manambala a matumba awiriwa sawerengedwa mofanana. Silabasi itadulidwa chifukwa cha masiku amene mliri wa COVID-19 unadya, mutu umenewu unachotsedwa pa mayeso kuyambira 2021. Aphunzitsi, amene nthawi imawachepera kale, saphunzitsa zimene sizibwera pa mayeso. Umu ndi mmene pepala loyesa maphunziro limasandukira mwini wa maphunzirowo.

Pakati pa Seputembala ndi Novembala banjali linapeza njira yake. Madzulo alionse mtsikanayo ankasankha funso limodzi, kaya analikhoza kaya analilakwa, n'kulifotokozera mayi ake m'Chichewa iwo akusenda anyezi. Lamulo linali lakuti asabisale kuseri kwa liwu la Chingerezi. Akangoti "equilibrium", mayi ankati, "Iwe, ine zimenezo sindimva. Nena bwinobwino, chikuchitika n'chiyani m'botolomo?" Pamene Chichewa chinkayenda, zinkadziwika kuti mfundo ilimo m'mutu, ndipo chotsala chinali kuloweza mawu enieni amene ochonga amafuna. Pamene Chichewa chinkakakamira, zinkadziwika kuti Chingerezi chinkangophimba dzenje, ndipo funsolo linkabwerera kwa aphunzitsi m'mawa mwake. Mayi amene analekezera Sitandade 8 anakwanitsa kulekanitsa zimene pepala la maola atatu linaphatikiza, chifukwa chakuti ankafunsa m'chilankhulo chimene mwana sakanalowezamo yankho.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi ntchito ya onse olankhula Chichewa ndi Chinyanja. Mawu ambiri alipo kale m'makhitchini ndi m'midzi. Kutcheza kachasu ndi kulekanitsa mowa ndi madzi potengera kusiyana kwa kawiridwe kake. Chidulo cha therere, chodonthezedwa kuchokera m'phulusa, ndi mnzake wa asidi womuziziritsa, monganso soda wa m'sitolo. Kuyenga, kusefa, kusasa, kuphwa, kuchita dzimbiri, onsewa ndi aneni a chemistry. Chimene chikusoweka ndi kugwirizana pa malo ochepa pamene liwu limodzi lasenza katundu wambiri: kuti pophunzitsa mwana pazinenedwa "kusungunuka ndi moto" pa majarini, "kusungunuka m'madzi" pa mchere, ndi "kusukulutsa" pa Sobo, kuti "kumangana" kukhale kwa maatomu m'kati mwa molekyu, "kukokana" kukhale kwa mamolekyu okhaokha. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, ili ndi gawo lake pa ntchitoyi, koma mawu amakhazikika ndi pakamwa pa aphunzitsi, makolo ndi ana, ndipo a ku Chipata, a ku Angónia ndi a ku Likoma ali ndi ufulu wofanana woponyapo awo. Mutu umodzi susenza denga.

Mtsikanayo analemba pepala lake mu Novembala. Zotsatira za matric zimatuluka mu Januwale, ndipo chimene chidzafike pafoni ndi nambala imodzi ya Physical Sciences, physics ndi chemistry zitaphatikizidwa, pa sikelo yoyambira 1 kulekeza 7. A ku Bellville adzaiwerenga n'kugamula. Pepala lochongedwalo silidzabwera kunyumba ngati la mu Seputembala lija, choncho bambo sadzakhala ndi mtanda wofiira woloza. Kope la mtsikanayo, limene tsamba lililonse lili ndi Chingerezi kumanzere ndi Chichewa kumanja, walisiyira mng'ono wake amene akuyamba Giredi 10.